Imfa sijambulika

Mu 2006, Sophie Calle, katswiri wa zaluso wa ku France, atamva kuti mayi ake atsala ndi milungu yowerengeka chifukwa cha khansa, anaimika kamera ya vidiyo kumiyendo kwa bedi lawo n'kuisiya ikujambula usana ndi usiku. Ankaopa kuti angatuluke pang'ono m'chipindamo, mayiwo n'kutsirizika iye palibe. Mayiwo ataiona kamerayo anakondwera, poti kwa zaka zonsezo mwana wawo ankalondola anthu achilendo ndi kamera, iwo osawapatsako malo m'ntchito zake.

Tsikulo litafika, Calle anali pomwepo, kameranso inali pomwepo. Koma m'mphindi 11 zimene anakaonetsa pa chionetsero chachikulu cha zaluso cha ku Venice, ku Italy, mu 2007, palibe amene angaloze kuti apa ndiye moyo wachoka. Mumangoona nkhope ili phee papilo, manja a anthu akubwera kudzagwira pakhosi, kugwira pamkono, kuyandikiza chala kumphuno, kubwerera, kubweranso. Dzina limene anaipatsa ntchitoyo limavomereza kuti imfa inamupulumuka.

Ojambula onse amene ayesa nkhani imeneyi amakathera pamenepa. Imfa yeniyeniyo silowa mu kamera. Chimalowa ndi thupi, nsalu, bedi, ndi maso a wotsala amene wagwira kamerayo. Choncho ndikamaona zithunzi zoterezi, ndinasiya kufunsa ngati kujambula wakufa n'kololeka. Ndimafunsa kuti akutionetsa ndani, ndipo womwalirayo kapena abale ake anati chiyani.

Kujambula akufa sikunayambe dzulo. Luso la kujambula litangolengezedwa ku Paris mu 1839, mabanja a ku Ulaya ndi ku America anayamba kuitana wojambula mwana akamwalira, chifukwa nthawi zambiri chimenecho chinkakhala chithunzi chokhacho cha mwanayo. Ankamuveka bwino, kumugoneka ngati ali m'tulo kapena kumuika pamiyendo pa mayi ake. Ku Harlem, mu New York, James Van Der Zee anajambula maliro ambiri a anthu akuda, ndipo zithunzizo zinasonkhanitsidwa m'buku mu 1978. Koma m'maiko amenewo imfa itasamukira m'zipatala ndi m'manja mwa makampani okonza maliro, zithunzi zoterezi zinayamba kuchititsa manyazi, n'kukabisidwa pansi pa madilowa. Ojambula a masiku ano akungovundukula chimene agogo a agogo awo ankachita popanda kupepesa.

Amene anaiyandikira imfa kwambiri, m'kuona kwanga, ndi Walter Schels, wojambula wa ku Germany, ndi mnzake Beate Lakotta, mtolankhani wa magazini ya Der Spiegel. Awiriwa anayenda m'nyumba zosamalira odwala amene mankhwala awakanika, ku Hamburg ndi ku Berlin, n'kumapempha odwalawo kuti awajambule kawiri: ali moyo, ndiponso akangomwalira. Amene anavomera anajambulidwa nkhope yokha. Zithunzizo ndi zazikulu, zakuda ndi zoyera, ndipo zimakolekedwa ziwiriziwiri. Mu 2008 zinaonetsedwa ku Wellcome Collection mu London, anthu 24, kuyambira kamwana kosakwana zaka ziwiri mpaka agogo opitirira zaka 80.

Schels anabadwa mu 1936. Ali mwana anaona mitembo ya anthu ophedwa ndi mabomba pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, ndipo anakula akuopa mtembo. Ntchito imeneyi inamukakamiza kuugwira ndi manja. Foni inkatha kulira usiku uliwonse, iwo n'kudzuka kuthamangira kumeneko maliro asanatengedwe. Poyamba ankajambula womwalirayo ali chigonere, koma anaona kuti nkhope ya munthu wogona chagada imakokeka n'kusiya kufanana ndi mwini wake. Ndiye anayamba kuwadzutsa n'kuwakhazika monga anakhalira pa chithunzi choyamba. Kanthu kameneka kamandikhudza kuposa mawu onse akuluakulu olembedwa za chionetserocho: anthu awiri, pakati pa usiku, akuyedzamiritsa mtembo wa munthu amene anacheza naye sabata yatha, kuti aoneke monga iye mwini.

Lakotta analemba zimene odwalawo ankanena. Dandaulo limene linkabwera kawirikawiri linali lakuti odzawazonda ankakana kukamba zimene aliyense m'chipindamo ankazidziwa. Ankafika ndi nkhani za mpira ndi za nyengo, potsazika n'kunena kuti muchira posachedwa. Wodwalayo ankatsala yekha ndi nkhani yaikulu kuposa zonse pamoyo wake, wopanda woikamba naye. Nkosadabwitsa kuti ena anavomera kamera. Wojambulayo anali mlendo mmodzi amene sankanamizira.

Mukaziyang'ana zithunzi ziwirizo, cha wamoyo ndi chimene chimavuta kupirira. Maso ali pa inu, ena ali ndi mantha, ena ndi ukali, ena atopa. Chachiwiricho maso atsekedwa, makwinya amasuka. Anthu ambiri amati akuonapo mtendere. Ine ndimakayikira pang'ono, chifukwa minofu ya nkhope imamasuka pa aliyense, wopita mwamtendere ndi wopita akukana. Mtenderewo mwina ndi wathu, ife oonera, amene tikuufuna.

Tsopano ikani pambali pake zithunzi zimene Andres Serrano anajambula mu 1992 m'nyumba yachisoni imene sanaitchule dzina. Ndi zazikulu, zamitundu yowala, kuwala kwake kokonzedwa mwaluso ngati zojambula zakale za m'matchalitchi a ku Ulaya. Phazi la mwana, dzanja lokhala ndi bala la mpeni, nkhope yophimbidwa theka ndi nsalu. Palibe dzina la munthu. Chithunzi chilichonse chimatchulidwa ndi chimene chinamupha: chibayo, mankhwala a makoswe, moto. Luso lilipo, sindikana. Koma anthu amenewa sanafunsidwe, ndipo chimene tikuwadziwira ndi tsiku lawo loipitsitsa basi. Kukongola kwa zithunzizo ndi kumene kumandiwawa. Munthu anakhala zaka zake zonse, anali ndi dzina, anali ndi omukonda ndi omuda, lero ali pakhoma ngati chitsanzo cha imfa ya poizoni.

Wina anganene kuti chikondi ndicho chimapereka chilolezo, kuti wojambula akakhala wapamtima pa malemuyo ndiye palibe mlandu. Nkhani ya Annie Leibovitz imasonyeza kuti sizophweka choncho. Leibovitz anakhala pafupi ndi wolemba mabuku Susan Sontag kwa zaka pafupifupi 15. Anamujambula akudwala khansa, atatupa, akunyamulidwa pamachira kukakwezedwa ndege, ndipo atamwalira mu December 2004 anajambulanso thupi lake litagonekedwa, litavekedwa diresi. Zithunzizo zinatuluka m'buku mu 2006, pakati pa zithunzi za akatswiri a mafilimu ndi atsogoleri a ndale. Mwana wa Sontag, David Rieff, analemba mu 2008 kuti zithunzizo zinanyazitsa mayi ake, kusandutsa imfa yawo chionetsero cha anthu otchuka. Onse awiri anali ofedwa. Mmodzi analira ndi kamera, poti ndicho chida chimene manja ake amadziwa. Winayo anatsegula buku n'kupeza mtembo wa mayi ake uli pamsika. Ndimamumvetsa Leibovitz pojambula. Posindikiza, ndili kumbali ya mwanayo. Chodabwitsa n'chakuti Sontag yemweyo ndi amene analemba kwambiri za vuto loonera zowawa za ena pazithunzi, ndipo buku lake lomaliza pa nkhaniyi linatuluka mu 2003, chaka chimodzi asanamwalire.

Koma pali nthawi imene ofedwa eni ake amati: onani. Mu August 1955, Emmett Till, mnyamata wakuda wa zaka 14 wa ku Chicago, anaphedwa mwankhanza ndi azungu ku Mississippi, thupi lake n'kuponyedwa mumtsinje. Mayi ake, Mamie Till, anakana kuti bokosi litsekedwe. Anafuna kuti dziko lione chimene anachita kwa mwana wawo, ndipo magazini ya Jet inasindikiza chithunzi cha nkhope yophwanyikayo. Chithunzicho n'choopsa kuposa chilichonse cha Serrano, koma palibe anganene kuti mnyamatayo anaberedwa ulemu ndi kamera. Anamubera ulemu ndi amene anamupha, mayi ake anangokana kuwabisira.

Chimodzimodzi banja la David Kirby. Mu 1990, Therese Frare, yemwe panthawiyo anali wophunzira, anajambula Kirby akutsirizika ndi Edzi ku Columbus, Ohio, bambo ake atamukumbatira mutu, mayi wina ndi kamtsikana atagwirana pambali. Magazini ya Life inachisindikiza chaka chomwecho. Mu 1992 kampani ya zovala ya Benetton inachipaka mitundu n'kuchigwiritsa ntchito potsatsa malonda, ndipo anthu anakwiya kwambiri, ena mwa iwo omenyera ufulu wa odwala Edzi. Banjalo linali litavomera. Linkafuna kuti anthu aone kuti wodwala Edzi ali ndi bambo amene amamulira. Apa ine ndimagawikana, chifukwa chizindikiro cha kampani pakona pa chithunzi chotero chimandinyansa. Koma mwana anali wawo.

Pali gulu lina la ojambula amene anasankha kusaonetsa thupi n'komwe, ndipo ndikamakula ndi amene ndimabwererako kawirikawiri. Felix Gonzalez-Torres, wobadwira ku Cuba, anataya wokondedwa wake Ross Laycock mu 1991, ndi Edzi yomweyo. Chaka chotsatira, pa zikwangwani zikuluzikulu 24 za m'misewu ya New York panaoneka chithunzi cha bedi losayala, mapilo awiri, iliyonse ili ndi kadzenje pamene panali mutu. Panalibe mawu ngakhale amodzi. Woyenda pamsewu akanatha kuganiza kuti akutsatsa zofunda. Koma aliyense amene anadzukapo usiku n'kutambasula dzanja kumbali imene kulibenso munthu, sankafunika womufotokozera. Gonzalez-Torres naye anamwalira mu 1996.

Ishiuchi Miyako wa ku Japan ndiye anafika nayo patali njira imeneyi. Iye ndi mayi ake sankamvana kwenikweni, ngakhale dzina limene amadziwika nalo pantchito ndi la mayi akewo asanakwatiwe. Atangoyamba kuyandikirana, iye n'kuyamba kujambula zipsera za moto zimene zinali pathupi la mayiwo, iwo anamwalira mu 2000. Anatsala ndi katundu amene aliyense wofedwa amamudziwa, amene sungamuvale, sungamupatse munthu, komanso dzanja limakana kumutaya: zovala zamkati, nsapato, mano oikirira, chipeso chokhala ndi tsitsi, malipisitiki otha theka. Anayamba kuzijambula chimodzichimodzi. Zovala zopyapyala ankazimata pawindo kuti dzuwa lidutsemo, ndipo zimaoneka ngati khungu limene munthu wavula. Lipisitiki iliyonse inaperepeseka mopendekera mbali imodzi, malinga ndi mmene mayiwo ankaigwirira pamlomo. Ndiye kuti m'kachitsulo kakang'onoko mwatsala kayendedwe ka dzanja lawo.

Zithunzizo zinaimira Japan ku Venice mu 2005. Chimene ndimazikondera n'chakuti mulibe kudzimvera chisoni. Mwana akufufuza mkazi amene sanamudziwe, amene anayendetsapo galimoto zikuluzikulu nthawi ya nkhondo, amene ankakonda zovala zamkati zokhala ndi maluwa osokedwa bwino. Tonse timadziwa makolo athu ngati makolo. Katundu wawo ndi amene amatiuza mochedwa kuti analinso anthu paokha.

Kuyambira mu 2007 Ishiuchi anayamba kujambula zovala zosungidwa ku Hiroshima Peace Memorial Museum, za anthu amene anapsa ndi bomba la pa 6 August 1945. Dziko linazolowera kuona Hiroshima m'zithunzi zotuwa za mabwinja. Iye anayala madiresi pa tebulo lowala kunsi, n'kuonetsa kuti anali amitundu, amaluwa, osokedwa pamanja ndi munthu amene ankafuna kutchena. Bowo la moto lili pomwepo, koma diso limayamba laona batani lofiira ndi kolala yozungulira. Mtsikana amene anavala m'mawa umenewo amabwerera kaye ngati mtsikana, kenako ndi pamene mumakumbukira chimene chinamuchitikira.

Lebohang Kganye wa ku South Africa anachita chinthu cholimba mtima kuposa apa. Mayi ake anamwalira mu 2010, iye ali ndi zaka pafupifupi 20. Akuvundukula maalubamu a banja, anaona kuti zovala zambiri zimene mayiwo anavala pazithunzi ali mtsikana zinali zikadalipo. Anazivala. Anafunafuna malo amene zithunzizo zinajambulidwira, n'kuima monga mayi ake anaimira, dzanja pamene panali dzanja, mutu kupendekera komweko. Kenako pa kompyuta anasanjikiza chithunzi chake pa cha mayi ake. Zotsatira zake, zimene anazitulutsa mu 2013, ndi akazi awiri a msinkhu umodzi, diresi imodzi, mmodzi akuonekera mwa mnzake, osadziwika bwino kuti mzukwa ndi uti. Penapake mapewa amakumana ndendende, penapake amaphonyana pang'ono, ndipo chisoni chonse chili m'kuphonyanako. Angayese bwanji, sangalowe pamalo pa mayi ake, ndipo sangawakhudze. Mu 2024 Kganye analandira mphoto ya Deutsche Börse, imodzi mwa mphoto zikuluzikulu za ojambula zithunzi, imene imaperekedwa ku London.

Ndikaona ntchito yakeyo ndimakumbukira zithunzi za anthu anga amene anapita, zimene zili mufoni. Kuzifufuta sindingathe, kuzitsegula sindifuna, ndipo foniyo nthawi zina imazitulutsa yokha m'mawa ndi kanyimbo kachisangalalo, ati zikumbutso. Nan Goldin, amene anajambula anzake ambiri omwe anatha ndi Edzi, kuphatikizapo Cookie Mueller ali m'bokosi mu 1989, ananenapo kuti ankaganiza kuti akamujambula munthu mokwanira sangamutaye, koma zithunzizo zinadzangomuonetsa kuchuluka kwa zimene anataya. Zaka za m'ma 1980 ankafunika kugula filimu kuti aphunzire zimenezi. Ife tikuziphunzira ulere, aliyense m'thumba mwake.

Ena anafika pokana n'kuonetsa komwe. Roland Barthes, mayi ake atamwalira mu 1977, analemba buku lonse lokhudza zithunzi, mtima wake uli pa chithunzi chimodzi cha mayiwo ali ndi zaka zisanu. M'bukumo muli zithunzi zambiri, koma chimenecho mulibe. Anati kwa ife chikanangokhala chithunzi wamba cha kamtsikana. Alfredo Jaar wa ku Chile anapita ku Rwanda mu August 1994, kupululidwa kwa Atutsi kutangotha, n'kujambula zithunzi zikwi zingapo. Pobwera anaona kuti dziko linali litaona kale mitembo ya ku Rwanda pa TV osachitapo kanthu, ndiye milu ina ya mitembo pakhoma ikanasintha chiyani? Mu 1995 anatsekera zithunzizo m'mabokosi akuda, pamwamba pa lililonse n'kulemba mawu ofotokoza chimene chili mkati. Mu 1996 anaonetsa maso okha a mayi wina, Gutete Emerita, amene anaona mwamuna wake ndi ana ake aamuna awiri akuphedwa patchalitchi cha Ntarama. Mumawerenga kaye nkhani yake, kenako mumakumana ndi maso amene anaona zimenezo.

Pano pali chinthu chimene sindingachilambalale. Mitembo imene imaonetsedwa poyera m'nyuzipepala ndi m'nyumba zoonetsera zaluso za maiko olemera nthawi zambiri imakhala ya anthu akutali, osauka, akhungu lakuda. Akufa a kwawo amaphimbidwa nsalu, mayina awo amatchulidwa mwaulemu, abale amafunsidwa kaye. Mabokosi a Jaar anapatsa akufa a ku Rwanda nsalu imene makamera ena anawamana. Amati maliro n'kulirana, koma kulirana kumafuna kuti wolirayo aone wakufayo ngati munthu wofanana naye. Kamera ikhoza kuthandiza zimenezo, ikhozanso kuzipha.

Zithunzi zomaliza zimene ndikufuna kutchula sizinajambulidwe ndi katswiri aliyense. Pa 11 March 2011, chivomezi chachikulu chinagwedeza kumpoto chakum'mawa kwa Japan, ndipo mafunde a tsunami anasesa matauni a m'mbali mwa nyanja. M'tauni ya Yamamoto, m'chigawo cha Miyagi, asilikali, apolisi ndi ozimitsa moto amene ankafufuza anthu m'matope ankapezanso maalubamu. Palibe anawatuma, koma ankawatola n'kuwaika pambali. Zinasonkhana zithunzi pafupifupi 750,000: maukwati, ana akuyamba sukulu, maulendo, agogo atanyamula zidzukulu. Anthu ongodzipereka anazitsuka chimodzichimodzi, kuziyanika, kuzijambulanso ndi kuziika mu kompyuta kuti opulumuka adzafufuze zawo. Kwa ena, chithunzi chimodzi chopezeka mmenemo ndicho chinali nkhope yokhayo yotsala ya mkazi kapena mwana.

Zambiri zinabwerera kwa eni ake. Koma zina zinali zitaonongeka kotheratu. Madzi amchere ndi tizilombo ta m'matope zinadya khungu la pamwamba limene limasunga chithunzi, mitundu n'kusungunuka n'kusakanikirana, kutsala mwina phewa la munthu, mwendo wa tebulo, theka la kumwetulira. Zimenezi zinkayenera kutayidwa. Wojambula wina amene ankathandiza nawo ntchitoyo, Munemasa Takahashi, anapempha kuti zisatayidwe, ndipo kuyambira mu 2012 anayamba kuzimata pamakoma zikwizikwi, ku Tokyo, ku Los Angeles, ku New York ndi kwina.

Apanso palibe amene anafunsidwa, monga zinalili ndi Serrano. Ndadzifunsa chifukwa chake izi ndimazilandira pamene zija ndimazikana. China n'chakuti palibe nkhope yotsala yoti ichititsidwe manyazi, ndipo chimene chikuoneka, pamene chikuoneka, ndi masiku abwino a anthuwo, amene iwo eni anasankha kuwasunga. Koma chachikulu ndi dongosolo la ntchitoyo. Anayamba n'kufunafuna eni ake, khoma la chionetsero linangolandira zimene palibe akanatha kuzizindikira, ndipo ntchito yobweza zithunzi ku Yamamoto inapitirira kwa zaka zingapo pamene chionetserocho chinkazungulira maiko ena.